Kanjira ka a Meya

Amayi anga, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ife kuno tilipo ndithu, kungoti kutentha kwa Salima mukukudziwa, ndipo chaka chino kwachita kunyanya. Ndikulemba ndili pakhonde lakuseri, pamkeka wanu uja wothothoka m'mbali, chifukwa m'nyumbamu malata akuwotcha ngati chiwaya cha tchipisi. Papita zaka zinayi chichokereni inu, ndipo aka n'koyamba kukulemberani. Musandikalipire. Bambo ali moyo ndinkadziwa kuti nkhani zonse mukuzimva kwa iwo, paja Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankanyamula kampando kawo kaja n'kukakhala pamanda panu mpaka dzuwa litawathamangitsa. Tsopano popeza nawonso anakutsatirani m'dzinja lapitali, ntchito yopereka lipoti yagwera ine Esnati.

Kodi anafika bwino? Ndikukhulupirira kuti munawalandira ndi funso lanu lija la masiku onse: "Nanga msonkhano wa lero ndiye unali wa chiyani, a Meya, mpaka ndiwo kuzizira?" Ngati simunawafunse, afunseni, anali atalisowa funso limenelo. Chichokereni inu ankafika panyumba nthawi yabwino tsiku lililonse, koma panalibe wowayamikira.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Tadala, amene munamusiya akukonzekera mayeso, ndi mayi tsopano. Anabereka mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Elina. Amayi, kamwanako ndi inu ndithu. Chipumi ndi chanu, ndipo kakayamba kulira ngakhale alonda a paloji yoyandikana nafe amasuzumira pampanda. Mwamuna wake wa Tadala ndi munthu wofatsa, amaphika kuhotela, koma iye mwini amadya pang'ono moti mukanakhalapo mukanamukayikira.

Mpunga wa kudambo unachita bwino, koma chimanga chinapsa ndi ng'amba, tangokolola kongolawa. Mbuzi yanu yamawanga ija inafa ndi ukalamba, koma yasiya zidzukulu zakuba ngati iyo yomwe; dzulo lomweli zadya sopo wa Tadala. Mango abereka mpaka nthambi kuthyoka, ana a sukulu akutithandiza kukolola osapemphedwa. Nyanja nayo yakwera zaka zino, moti pamwala pamene munkatulapo beseni pano pamasambira ana. Kusitolo zinthu zikuyenda mwapang'onopang'ono. Misomali ndi utoto zikutuluka, koma nyali za asodzi zija palibenso amazifuna, onse akugwiritsa ntchito mababu a batire.

Za maliro a bambo mwina anakuuzani okha, koma mukuwadziwa, amachepetsa nkhani ikakhala yawo. Amayi, kunali anthu! Msewu wochokera ku boma unadzaza, akabaza anabwera atandondozana ngati nyerere, amayi a mumsika anasiya mabenchi awo tsiku lonse, abusa ndi mashehe anakhala pamthunzi umodzi. A ku khonsolo anawerenga mbiri yawo papepala, masamba atatu, ndipo analonjeza kuti msewu wina ku boma autcha dzina lawo. Anautchadi. Ndi kamsewu kaja kakuseri kwa depoti, kamene minibasi zimakhoterako pothawa maenje a msewu waukulu n'kukapeza maenje ena. Chikwangwani chake n'chokongola, ndipo bambo akanachiona akanayamba afunsa kuti utoto wake anakagula kwa ndani.

Mbiri ya papepalayo inali yoona, koma inali yosamba kwambiri ndi yodzola mafuta. Inayambira pamene anatsegula sitolo ya zipangizo ku boma, ngati kuti munthuyo anabadwa ali pakauntala. Sinatchule za njinga ija yopanda mabuleki imene ankayenda nayo m'madoko kugulitsa mchere, sopo ndi singano, kapena zoti ankakwera sitima ku Chipoka ndi matumba a utaka wouma, anthu n'kumawasiyira mpando wonse chifukwa cha fungo. Inu munkati munawakonda mutatseka mphuno. Sinatchulenso kuti sitoloyo inayamba ndi maukonde ochepa ndi thumba limodzi la misomali, ndiponso kuti amene ankatsala pakauntala bambo akapita kokapikula munali inu, mwana ali kumbuyo.

Za umeya ananena bwino, koma ine chimene ndimakumbukira ndi tsiku limene anabwera kunyumba atavala unyolo uja wonyezimira pachifuwa, n'kuima pakhomo kudikira kuti muwombe m'manja. Inu munangowayang'ana n'kunena kuti, "Unyolowo ngati ndi wolimba mutibwereke, timangire mbuzi." Anaseka mpaka kukhala pansi. Pampandopo anakhala zaka zochepa chabe, koma dzina linawakanirira mpaka kumanda, ngakhale ana obadwa dzulo ankangowadziwa kuti a Meya. Anzawo ankalakalaka zomanga zodulira riboni, iwo analimbana ndi zimbudzi za mumsika mpaka anthu anawatcha Meya wa zimbudzi. Iwo osakhumudwa, ankati, "Tauni imadziwika ndi kumene mlendo amathawira akapanikizika." Mitengo ya nimu imene ankathirira okha ndi ndowa anthu akuwaseka, pano ndi imene akabaza onse amabisalamo dzuwa. Chisankho chotsatira anagwa nacho chifukwa chochotsa ogulitsa malonda panjanji, poopa kuti tsiku lina sitima idzaponda munthu. Anabwera kunyumba n'kudya bwinobwino, inu ndi amene munakana chakudya masiku awiri.

Ngakhale atagwa, anthu sanasiye kuwabweretsera milandu. Benchi lija la pakhonde la sitolo linasanduka ofesi. Wokanganirana malire, wolandidwa malo mumsika, wofuna kalata yopita nayo kwinakwake, onse ankathera pamenepo, ndipo makasitomala enieni ankadikira a Meya amalize kuweruza. Mpaka lero ena amabwera n'kukhala pabenchipo, kenako n'kukumbukira, n'kugula kabokosi ka machesi kuti asaoneke ngati asochera.

Koma m'masamba atatu onse aja, kanjira sanakatchule. Ndipo kanjirako ndi kamene kandichititsa kugwira cholembera lero. Khalani bwino pamenepo, Amayi, chifukwa ndili ndi mlandu woti ndiulule ndekha musanaumve kwa ena.

Mukudziwa mmene malo athu akhalira, kuchokera kumsewu kukafika m'madzi, ndi kampata kaja kamene bambo anasiya pakati pa khoma lathu ndi la oyandikana nafe. Chimene simukudziwa n'chakuti chichokereni inu, gombe lonse lino lamangidwa. Kumanzere loji, kumanja loji, kupitirira apo nyumba za anthu a ku Lilongwe zimene amangogonamo pa Khirisimasi, paliponse mpanda, geti ndi mlonda. Kwa anthu a m'mudzi wa kutsidya kwa msewu, kanjira kathu ndi khomo lokhalo lotsala lolowera kunyanja. Amayi ochapa amadzera pamenepo, ana opita kokasamba, asodzi ndi nkhafi zawo, ngakhale Che Bwanali, gogo wosaona uja amene amatsata khoma ndi dzanja kupita kukasoka maukonde. Pakapanda pamenepo ndiye kuti azungulire mpaka kudoko lalikulu, ulendo woti munthu wosenza zovala zonyowa amafika khosi litauma.

Mwambo uja sunathe. M'mawa uliwonse amayi a m'mudzi uja amasesa kanjirako kuchokera kumchenga mpaka kumsewu, ndipo panjerwa ija imene bambo anaisiya yotulukira pakhoma chakumsewu, mbale yanu yachitsulo ikadalipo. Wobwera ndi nsomba kuchokera kunyanja amaponyamo kadzanja ka usipa, wina utaka, tsiku lamwayi mcheni. Ndiwo za njira, paja munkatero. Inu mutapita, bambo ndi amene ankaitsuka mbaleyo n'kuibwezera pamalo pake, munthu amene moyo wake wonse sanatsukepo ngakhale supuni. Ine ndinakula ndikuganiza kuti nsombazo ndi msonkho, kuti bambo monga munthu wamalonda anapangana nawo kuti azidutsa koma azisiya kenakake. Sindinafunsepo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndalidya ndithu.

Titatha kulira maliro, achimwene a Yohane anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi bambo wina wofuna kugula malo athu kuti amangepo loji. Musafulumire kuwanena achimwene, chifukwa amene anavomera msanga ndi ine. Ndatopa, Amayi. Nyumbayi yandikulira, denga likudontha, ndipo tsiku lililonse ndimakwera minibasi kupita kusitolo ku boma ndi kubwerera, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Ndinkaganiza zokakhala m'kanyumba kakuseri kwa sitolo, ndizidzuka n'kungotsegula chitseko. Achimwene nawo ali ndi ana kusukulu. Sitinkaba, malowo ndi athu.

Titatulutsa mapepala a malo m'sutikesi ya bambo, tinapeza kuti kanjirako mulibemo. Papepala malo athu amakafika pakhoma la oyandikana nafe, popanda mpata ngakhale wodutsa nkhuku. Amuna anu aja, amene ankakakamiza tauni yonse kulembetsa chilichonse mpaka njinga, zawo sanalembe. Ndikuwamva mmene akanayankhira: "Mawu anga ndi chidindo." Ee, koma chidindocho anapita nacho m'bokosi.

Wogulayo anali munthu waulemu, sindingamunamizire. Anangoti alendo ake sangamapume bwino anthu akudutsa ndi mabeseni m'mbali mwa zipinda, choncho titseke kaye kanjirako kwa mwezi umodzi, aone ngati sipabuka phokoso, kenako tisainirane. Achimwene anabwerera ku Lilongwe, ntchito inatsalira ine. Ndinatenga malata m'sitolo ya bambo momwemo, ndi misomali yawo yomwe, ndipo Lolemba masana kalipentala anakhoma kumsewu ndi kunyanja komwe. Pamene ankakhoma ndinalowa m'nyumba n'kukweza wailesi.

Ndinakonzekera nkhondo. Mayankho ndinawasanja m'mutu ngati katundu pashelefu: malo ndi athu, mapepala alipo, amene akudandaula apite ku khonsolo. Ndinkadikira kuti abwera gulu, atukwane, mwina aphwanye malatawo. Sikunabwere munthu. Ndinkangowaona pawindo akafika pamalatapo, n'kuima pang'ono, n'kutembenuka ndi mabeseni awo kulowera njira yaitali ija, ana akutsata pambuyo. Wina anandiona n'kundipatsa moni, "Mwaswera bwanji, achemwali?" ngati palibe chachitika. Che Bwanali anabwera akutsata khoma monga mwa masiku onse, dzanja n'kugunda lata. Analipapasa kumtunda, analipapasa kumunsi, kenako anaima pomwepo mpaka mayi wina anawagwira mkono n'kuwatembenuza. Ine ndinatseka katani.

Lachiwiri m'mawa nditatuluka kuti ndikakwere minibasi, ndinapeza kutsogolo kwa malata kutasesedwa bwinobwino, mizere ya tsache ikuoneka, ndipo m'mbale muja, paja inatsalira kunja kwa malata, munali usipa. Ndinati mwina ndi wina amene sanamve. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi munali mcheni wonenepa, utaphimbidwa ndi tsamba kuti ntchentche zisatere. Amayi, tangoganizani. Nsomba imeneyo inazungulira ulendo wonse uja kuchokera kudoko lalikulu, pamutu pa munthu amene ine ndamutsekera njira, kudzafika m'mbale mwanga. Ndinaikazinga koma sindinaidye. Kutukwanidwa kukanandipepukira, chifukwa ndikanabwezako.

Lachisanu ndinalawirira n'kukaima kuseri kwa geti kuti ndimuone munthuyo. Anali mnzanu Abiti Saidi. Akalamba, Amayi, msana wapindika, koma mpango wawo uja ukadali woyera ngati kale. Anali atawerama ndi katsache kawo, akusesa pakhomo lotseka. Ndinatuluka mwaukali, paja manyazi akachuluka amasanduka ukali, n'kuwafunsa kuti, "Mayi anga, mukuvutikiranji? Njira ndatseka, simukudutsanso, ndiye nsombazi mukulipira chiyani?"

Anaweramuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kulipira? Wallahi, mwanawe, ndani anakuuza kuti timalipira? A Meya sanatigulitse njira. Tsiku loyamba limene tinaika nsomba anatithamangira nazo kuti atibwezere, akuti nyanja ilibe mwini. Amayi ako ndi amene anawaletsa, anati munthu akamathokoza usamugwire dzanja. Ndiye iwe watseka njira, chabwino, malo ndi ako. Koma zaka zonse zimene tadutsa pano zija sunazitseke. Tisiye kuthokoza chifukwa cha malata?"

Atatero anakhala pamwala n'kundiuza kuti nanenso ndikhale, ndipo anandifotokozera nkhani imene inu simunandiuzepo ngakhale tsiku limodzi. Akuti muli atsikana, inu ndi iwo munapita kukachapa pagombe limene amayi anu ankachapapo kuyambira kale, osadziwa kuti lagulidwa. Mlonda anabwera ndi galu, anakutayirani zovala mumchenga, beseni lanu n'kuliponya m'madzi, ndipo inu munalowa m'madzimo ndi diresi kukalitenga, alendo akuonerera pakhonde. Akuti simunalire. Ndiye patapita zaka, bambo atagula malo ano n'kuyamba kumanga mpanda, munawauza kuti khomalo likangofika mpaka kwa oyandikana nafe, m'nyumbamo adzagonamo okha.

Akuti bambo anafunsa kuti nanga mpatawo ukhale waukulu bwanji, mmisiri ataima ndi chingwe chake choyezera. Inu munakatenga beseni la zovala n'kulisenza, mimba ya ine ili patsogolo, n'kugwira dzanja achimwene a Yohane, amene nthawi imeneyo anali kamwana kongoyamba kumene kuthamanga. Munaima phewa litagunda khoma la oyandikana nafe, n'kumuuza mwanayo kuti atambasule dzanja linalo. Bambo anatola kamtengo n'kukazika pamene zala za mwanayo zinathera, n'kumuuza mmisiri kuti, "Pinda chingwe chakocho, muyeso ndi umenewu. Mayi ndi katundu wake ndi mwana wake azidutsa osapempha munthu."

Amayi, bwanji simunandiuze? Zaka zonsezi anthu akuti kanjira ka a Meya, kanjira ka a Meya, bambo n'kumangomwetulira, inu muli phee kusankha mpunga. Ndipo ine amene ndinayezedwa nawo ndili m'mimba, ndi amene ndinakhomapo malata.

Tsiku limenelo kusitolo sindinapite. Kalipentala sindinamuitanenso, ndinatenga hamala ya bambo n'kuyamba kuzula ndekha misomali. Lata lina linanditema chala, chipsera chilipo, ndipo ndikuti chikhale. Amayi awiri amene ankadutsa ndi mabeseni anatula pansi n'kundithandiza kunyamula malatawo, osandifunsa kanthu. Sipanakhale nthungululu kapena zolankhulalankhula. Abiti Saidi anangomalizitsa kusesa, ulendo uno mpaka kumchenga, ndipo pobwerera anandiuza kuti pachalapo ndithirepo mchere.

Zovuta zinali kwa achimwene. Nditawaimbira foni sanandilole n'komwe kumaliza. "Iwe Esnati, mutu wako ukuyenda bwino? Tinagwirizana chiyani? Ukufuna tizidya usipa wa m'mbale mpaka liti?" Anadula. Wogula uja atamva kuti kanjira katsegulidwa, anatsanzika mwaulemu n'kukafuna malo kwina. Milungu itatu achimwene osandiyankha foni, ngakhale uthenga wa kubadwa kwa Elina anayankha ndi alamu anga. Zinandipweteka, Amayi, sindikubisirani. Tatsala awiriwiri, ndipo ndinkaopa kuti ndatsegula njira ya anthu n'kutseka ya mchimwene wanga.

Anabwera Loweruka lapitali, osati chifukwa cha ine koma kudzakambirana za chiliza cha bambo. Analowa nkhope ili ndwii, moni wake wa m'mano. Tiyi anakana. Elina anangomusuzumira ali chiimire. Titatha za chiliza ananyamuka kuti azipita, ndipo ine ndinati ndiwaperekeze, koma m'malo molunjika kugalimoto ndinakhotera m'kanjira. Ananditsata monyinyirika. Titafika pakati ndinaima n'kuwauza zonse monga mmene Abiti Saidi anandiuzira: za galu, za beseni, za mimba, ndi za kamwana kamene kanatambasula dzanja.

Achimwene anayang'ana khoma ili, anayang'ana linalo. Kenako bambo wamkulu uja, ndi chimimba chake ndi nsapato zake za ku ofesi, anatambasula manja onse awiri, ndipo zikhatho zinagunda makoma onse mosavutikira. Anakhala choncho nthawi yaitali, moti mayi wina wobwera ndi ndowa pamutu anachita kuima kudikira, mpaka anati, "Odi, bambo, tidutse nawo." Achimwene anapatuka msangamsanga n'kupepesa, n'kutulutsa kampango ngati akupukuta thukuta, koma thukuta lake linali la m'maso.

Tikubwerera anayamba kundikalipira. "Ndiye iwe ndi nzeru zakozo wangozula malata basi? Mawa ukafa, ana athu adzakhomanso. Uitane anthu oyeza malo, akadule kanjiraka papepala, kalembedwe kuti ndi ka anthu onse, ine ndidzasaina." Ndinati chabwino, achimwene. Anayenda pang'ono n'kutembenukanso. "Ndipo uwauze awonjezere. N'kopanikiza aka. Anayezera dzanja la mwana, pano dzanjalo linakula." Tiyi uja anamwa makapu awiri, Elina anamunyamula mpaka anawanyowetsa shati, ndipo usipa wa m'mbale wa tsiku limenelo anapita nawo ku Lilongwe.

Oyeza malo abwera Lachitatu likudzali. Khoma lathu tiligwetsa mbali imeneyo n'kulibweza m'kati, ndipo asodzi anena kale kuti mchenga ndi madzi atuta okha. Njerwa yotulukira ija ndamuuza mmisiri kuti aibwezeretse pamalo pake. Malo sitigulitsanso pakadali pano. Kaya adzapezeka wogula wolola kukhala ndi anthu, kaya sadzapezeka, tidzaona. Denga likudonthabe, mawondo akulirabe, minibasi ndikukwerabe, ndipo masiku ena ndikapanikizika pampando wa pakati ndimadzitukwana ndekha. Tadala ndi mwamuna wake akuti asamukira kuno kuti nyumba isandikulire.

A ku khonsolo atamva, anafunsa ngati tingafune chikwangwani cha dzina la bambo pakanjirapo. Ndinawathokoza n'kuwauza kuti a Meya chikwangwani ali nacho kale kuseri kwa depoti, chiwakwanira, kuno anthu sasochera. Koma muwauze bambo kuti ndawakwiyira pang'ono. Munthu wophunzitsa tauni yonse kulemba, n'kusiya chinthu chachikulu chotere pakamwa! Muwauzenso kuti mitengo yawo ikupereka mthunzi, zimbudzi zawo zikugwirabe ntchito, ndipo amene anawakana pachisankho aja ndi amene analira kwambiri pamaliro. Mukatero muwapatse madzi akumwa, paja akayamikiridwa amatsokomola.

Kwa inu ndiye ndilibe mawu. Ndinkakuonani ngati mayi wa panyumba amene ankangoseka unyolo wa amuna ake, osadziwa kuti chinthu chabwino koposa chimene a Meya anasiyira anthu kuno munayeza ndinu, ndi thupi lanu. Pepani chifukwa cha masiku anayi aja a malata. Ndikudziwa kuti mukanakhalapo simukanandikalipira, mukanangondiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko ndi kumene ndimakuopa kuyambira ndili mwana.

Beseni lanu lachitsulo lija ndalipeza m'chipinda chosungira katundu. Linabooka pansi, koma ndalimatitsa kwa owotcherera ku boma. Elina akangolimba khosi ndidzamubereka kumbuyo, ndidzasenza matewera ake m'beseni limenelo, ndipo tidzatsikira kunyanja kudzera pakanjira kanu. Ndidzamuuza nkhani yonse ngakhale asanayambe kumva, ndipo ndidzabwereza chaka ndi chaka mpaka adzatope nane. Ndikukulonjezani, Amayi: ine ndili moyo, palibe mayi amene adzaimenso pamenepo ndi beseni pamutu n'kubwerera.

Ndakusowani kwambiri. Mupereke moni kwa a Meya.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene munamuyezera njira asanabadwe,
Esnati